Kusulutsa zithunzi zatsopano za Zomba kuti zikhale bwino pambali pa zakale

Kumayambiriro kwa Juni

Azakhali anga ankagwira ntchito yotayipa m'maofesi a boma kuno ku Zomba mpaka 1975, chaka chimene likulu la dziko linasamukira ku Lilongwe, ndipo iwo anasamuka nalo limodzi. Ali ndi alubamu ya zithunzi za nthawi imeneyo, zina zakuda ndi zoyera, zina zamitundu. Pabanja tagwirizana zowakonzera buku loti tsamba lakumanzere likhale ndi chithunzi chakale, lakumanja likhale ndi malo omwewo monga akuonekera lero. Ntchito yojambula ndi kukonza zithunzi yagwera ine.

Nditaika chithunzi cha foni pambali pa chakale, ndinaona kuti siziyenderana. Chatsopano chimawala mopambanitsa, mitengo yake ndi yobiriwira moboola m'maso, thambo lili buluu wothithikana, tsamba lililonse la mtengo likuoneka palokha. Maso amathamangira kumeneko, chakale chija n'kuoneka chodwala, pamene bukuli tikulipangira chakalecho. Choncho zatsopano ndiyenera kuzisulutsa kuti zifatse.

Ndikugwiritsa ntchito GIMP, pulogalamu yokonzera zithunzi pa kompyuta, chifukwa ndi yaulere ndipo ikangolowa mu kompyuta sifunanso bandulo. Zithunzi zoyambirira ndazisunga mufoda yakeyake, zinanso pa fulashi, ndipo sindizikhudza. Chilichonse chimene ndikonza ndi kope, losungidwa ngati XCF, mtundu wa fayilo ya GIMP, kuti ma layer, magawo osanjikizana a chithunzi, asaphatikizane.

Juni 9

Ndisanakhudze chithunzi chatsopano ngakhale chimodzi, ndakhala ndi alubamu ija pakhonde, pomwe kuwala kuli kokwanira koma dzuwa silikuwomba mwachindunji. Ndinkafuna kuona ndi maso anga momwe zithunzi zenizeni zimakalambira m'nyumba za kuno, chifukwa zimene mapulogalamu amatcha zachikale sizifanana kwenikweni ndi zimene zili m'manja mwangazi.

Zamitundu zonse zimene zakhala zotsekeredwa mu alubamu zapendekera ku kufiira. Udzu wa pabwalo suli wobiriwira, uli wofiirira. Makoma oyera asanduka achikasu chotuwa, ndipo mphepete yoyera ya pepala nayo yachita chikasu. Chifukwa chake n'chakuti pepala la zithunzi zamitundu lili ndi magawo atatu a utoto: cyan (buluu wobiriwira), magenta (pinki wofiira) ndi wachikasu. Utoto umenewu sutha pa liwiro limodzi. M'mapepala a zaka za m'ma 1970, chithunzi chikakhala mumdima, makamaka pamalo otentha ndi achinyezi, cyan ndi amene ankayamba kutha, ndipo cyan akachoka chimatsala ndi kufiira. Zomba ndi malo a mvula yambiri, ndiye chinyezi chinagwira ntchito yake mokwanira.

Pali chithunzi chimodzi chosiyana ndi zinzake. Chinakhala zaka zambiri mu fulemu pakhoma la pabalaza, moyang'anizana ndi zenera, kenako n'kubwezeredwa mu alubamu. Chimenecho sichinafiire. Chinayera n'kupendekera ku buluu wobiriwira, chifukwa kuwala kumadya kwambiri magenta. Mbali imene inabisika ndi fulemu idakali ndi mtundu wake, moti pali mzere woonekeratu kuzungulira chithunzi chonse. Kusuluka kwa mumdima ndi kwa padzuwa n'kosiyana, ndipo ndasankha kutsatira kwa mumdima popeza ndi kumene kuli pa zithunzi zambiri za azakhali.

Zakuda ndi zoyera zili ndi nkhani ina. Izi zilibe utoto, chithunzicho ndi timadontho ta siliva. Palibe ngakhale chimodzi chimene chili chofiirira paliponse mofanana monga zimatulukira mu Old Photo ya mu GIMP ukasankha sepia. Sepia sikunali kukalamba. Anali mankhwala a sulufule amene wotsuka zithunzi ankathira dala, ndipo ankachititsa kuti chithunzi chikhalitse. Za azakhali zachita chikasu m'mbali, mwamawangamawanga, zomwe zimachitika ngati mankhwala sanatsukuluzidwe bwino pepala lisanaume. Ukachipendeketsa, malo akuda kwambiri amanyezimira siliva.

Zonse ndazilowetsa mu kompyuta ndi scanner pa 600 dpi (madontho 600 pa inchi iliyonse) popeza n'zazing'ono. Ndinazimitsa kaye mbali imene imakonza mitundu yokha, apo ayi makinawo akanachotsa kufiira komwe ndikufuna kuyezako.

Juni 14

Kujambula kwayamba. Ndadutsa ku nyumba yakale ya malamulo, kumene aphungu ankakumana mpaka 1994, ku Botanical Gardens m'mbali mwa mtsinje wa Mulunguzi, ku Masongola, nyumba yomangidwa mu 1886, ku msika waukulu ndi ku Chancellor College (lero imatchedwa University of Malawi), imene inasamukira kuno mu 1973 azakhali akadali m'tauni muno. Ku chipilala chokumbukira asilikali a King's African Rifles ndinayamba ndapempha chilolezo, popeza ndi pafupi ndi Cobbe Barracks ndipo munthu sumangotulutsa kamera pamalo otere.

Nyengo ikundithandiza. M'mawa mwa mwezi uno phiri limavala nkhungu, ndipo chiperoni chikabwera kuwala kumakhala kofewa tsiku lonse, popanda mithunzi yakuda bii. Chithunzi chojambulidwa nthawi yotere chimakhala chafika kale theka la ulendo.

Pa foni ndazimitsa HDR. Imeneyi imajambula kangapo n'kuphatikiza, kuti mitambo ioneke komanso pansi pa khonde paoneke. Kamera zotsika mtengo za kale sizinkatha zimenezo: thambo linkangoyera mbee, pansi pa mtengo n'kuda. Ndikujambulanso RAW, kutanthauza chithunzi chimene foni sinachikonze, chifukwa JPEG ya foni imakhala itanoledwa kale m'mbali mwa chinthu chilichonse, ndipo kunola kumeneko sikuchoka bwino pambuyo pake.

Chovuta n'kupeza pamene wojambula wakale anaima. Pena pamera mtengo, pena pamangidwa mpanda wa njerwa, pena pali kakontena ka Mpamba kapena Airtel Money. Sindikuchotsa chilichonse mwa izi. Ndi Zomba wa lero.

Juni 20

Tsopano ndafika pa Curves, chida cha mu GIMP chosinthira kuwala ndi mitundu pokoka mzere, pomwe pagona ntchito yonse.

Pa kompyuta mtundu uliwonse mwa itatu, wofiira, wobiriwira ndi wabuluu, umayezedwa kuchokera pa 0 kufika pa 255. Pa 0 ndi mdima weniweni, pa 255 ndi kuwala kotheratu. Ndinatenga Color Picker n'kuyeza malo akuda kwambiri pa chithunzi chakale cha ku Botanical Gardens, pansi pa mtengo waukulu. Panalibe 0. Wofiira anali cha m'ma 60, wobiriwira ndi wabuluu cha m'ma 40. Pakhoma loyera wofiira anali pamwamba ndithu, koma wabuluu anatsika kufika cha m'ma 200. Kusuluka konse kuli m'manambala amenewa: chakuda sichifikanso pakuda, choyera sichifikanso poyera, ndipo mitundu itatuyi siikhalanso pamzere umodzi.

Ndiye pa chithunzi chatsopano ndachita motere. Pa Value ndakweza nsonga yakumanzere, ya mithunzi, kuchoka pa 0 kufika pafupifupi pa 30, ndipo yakumanja ndaitsitsa kufika cha pa 240. Pa Red ndakwezanso mithunzi, chifukwa kutha kwa cyan ndi chimodzimodzi kuchuluka kwa kufiira. Pa Blue ndatsitsa nsonga ya kuwala kuti makoma ndi mitambo zitenge chikasu chija, ndipo kumithunzi ndakweza pang'ono chabe. Green sindinamukhudze kwenikweni, kupatula kutsitsako pang'ono pakati. Kenako mu Hue-Saturation ndachepetsa mphamvu ya wobiriwira ndi wabuluu kuposa mitundu ina, popeza ndi imene inafooka kwambiri mu alubamu.

Ndisanayambe zonsezi ndimasintha Precision kupita pa 16 bit. GIMP yakhala ikutha zimenezi kuyambira pa 2.10 ya mu 2018. Pa 8 bit pali masitepe 256 okha pa mtundu uliwonse, ndipo ukawapanikiza thambo limaoneka mizeremizere m'malo mosalala. Pa zithunzi za nkhungu ya paphiri mizereyi imaonekera msanga.

Pa nyumba zikuyenda bwino kwambiri. Njerwa zofiira ndi malata a dzimbiri a nyumba zakale za boma zimalandira kufiira kumeneku mosavuta. Chithunzi cha ku Masongola ndikachiika pambali pa chakale, diso limayenda kuchoka ku china kupita ku chinzake popanda kudodoma. Manambalawa ndawasunga mu Curves momwemo kuti ndisamayambirenso pa chithunzi chilichonse, ngakhale kuti chilichonse chimafunabe kukonzedwa pachokha.

Juni 22

Pa nkhope za anthu manambala omwewa sakugwira, ndipo apa ndi pamene ndakhalitsa.

Ku msika ndinajambula mayi wina wogulitsa mbatata ndi nandolo, nditawapempha kaye. Anati, "Jambulani achimwene, koma mudzandionetse." Chithunzi chake n'chabwino: akuseka, kuwala kukuchokera kumbali, pamphumi ndi pamasaya pakunyezimira. Nditachipatsa Curves ya nyumba ija, nkhope yonse inatuwa ngati mwana amene wasamba m'mawa wa Julayi osadzola mafuta. Maso analowa mkati, mzere wa pakati pa tsaya ndi khosi unasowa. Ndinayesanso zosefera zachikale za mu Snapseed ndi zina za pa foni kuti ndiyerekeze, ndipo zambiri zinachita chimodzimodzi kapena kuposa.

Chifukwa chake chili mu Curves momwemo. Khungu lathu limakhala kumunsi kwa mzere uja, kumbali ya mithunzi ndi pakati. Kusulutsa chithunzi ndi kupanikiza mbali yomweyo. Pa munthu wa khungu loyera nkhope imakhala kumtunda, ndiye kukweza mithunzi kumangokhudza tsitsi ndi jekete. Pa ife kumagwera pankhope penipeni, n'kufafaniza kusiyana kwakung'ono kwa kuwala kumene kumaumba mphuno, milomo ndi masaya.

Vutoli ndi lakale kuposa foni. Kwa zaka zambiri malo otsukira zithunzi ankatchera makina awo poyang'ana khadi la Kodak lotchedwa Shirley, lokhala ndi chithunzi cha mzimayi wachizungu. Filimu ndi mapepala zinkayezedwa pa khungu limenelo. Mu alubamu ya azakhali zotsatira zake zilipo: pa chithunzi cha gulu la ogwira ntchito ataima padzuwa, malaya oyera akuoneka mpaka mabatani, koma nkhope zina ndi mdima wokhala ndi maso ndi mano basi. Azakhali amawatchula anthuwo mayina chifukwa amakumbukira amene anaima pati, osati chifukwa akuwaona. Mbali imeneyi ya zithunzi zakale sindikufuna kuitsanzira ngakhale pang'ono. Kufiira kwa udzu ndi chikasu cha makoma ndizitenga, koma kusowa kwa nkhope ayi.

Njira imene ndapeza ndi ya layer mask. Pansi pamakhala chithunzi chosasulutsidwa, pamwamba chosulutsidwa. Pa mask ya chapamwambacho, choyera chimaonetsa ndipo chakuda chimabisa. Ndimatenga burashi yofewa, yotuwa osati yakuda, n'kupaka pankhope, pakhosi ndi pamikono, kuti kusuluka kufike pakhungu mwina theka lokha. Ndikapaka chakuda chenicheni munthuyo amaoneka womatidwa pachithunzi cha wina, ndiye pamafunika kuti kufiira pang'ono kumufike kuti akhale m'dziko limodzi ndi mbatata zake. Kenako pa layer yapansi ndimakweza pakati pa Curves pang'ono, osakhudza nsonga ya mithunzi, kuti masaya awale koma tsitsi ndi mboni za maso zikhalebe zakuda. Pakhungu sindikweza Blue ngakhale pang'ono, chifukwa buluu wa m'mithunzi ndi amene amabweretsa kutuwa kuja.

Ndi ntchito yochedwa. Nkhope iliyonse imafuna mask yakeyake, ndipo pachithunzi cha ana asukulu akutsika msewu wa ku Matawale muli nkhope zambiri. Komabe sindikuona njira yachidule imene ndingaikhulupirire. Mayi aja ndidzawapititsira chithunzi chawo, ndipo ndikufuna adzadzizindikire.

Juni 28

Magetsi akhala akuthimathima, ndiye ndachita zing'onozing'ono zimene batire ingakwanitse.

Timadontho ta filimu ndikutiika pa layer yakeyake yotuwa, pa Overlay, ndi HSV Noise, kenako Gaussian Blur yochepa kwambiri kuti tisakhale takuthwa. Pa filimu timadonthoti timaoneka kwambiri pamalo apakati monga thambo lotuwa ndi khoma, osati paliponse mofanana. Chithunzi chonse ndachifewetsanso pang'ono, popeza magalasi a kamera zotsika mtengo sankanola chotere. Vignette, kudetsa m'makona a chithunzi, ndaika yochepa moti munthu sangaitchule. Zokandika, mapindidwe abodza ndi madontho a tiyi ndazikana. Azakhali anasunga alubamu yawo mosamala zaka zonsezi, ndiye n'kupanda ulemu kuika dala zinyalala pambali pake.

Kadulidwe nako n'kofunika. Foni imajambula 4:3, filimu ya 35 mm ndi 3:2, ndipo zina za mu alubamu mbali zake zonse n'zofanana, zooneka kuti zinachokera mu kamera za mtundu wa Instamatic zimene Kodak inayamba kugulitsa mu 1963. Chatsopano chilichonse ndikuchidula molingana ndi chinzake cha tsamba lakumanzere.

Julayi 3

Ndakwera kuphiri kukajambula ku Ku Chawe ndi ku Emperor's View, malo otchedwa choncho chifukwa Haile Selassie, mfumu yaikulu ya ku Ethiopia, anafikapo mu 1965. Azakhali ali ndi chithunzi atakhala pamwala ndi anzawo, chigwa chili kumbuyo, nyanja ya Chilwa ikuoneka patali. Mwalawo ndaupeza. Kusiyana kwakukulu kuli pa mitengo. Malo ena amene pachithunzi chakale ndi nkhalango yothithikana lero ndi zitsa ndi udzu.

Apa kusulutsa kukhoza kunama. Ukachepetsa wobiriwira n'kuwonjezera kufiira, nkhalango ndi malo opanda mitengo zimayamba kufanana, ndipo phiri limaoneka losasintha. Pa zithunzi za kuphiri ndatsitsa opacity, mphamvu ya kuonekera, ya layer yosulutsa kufika pafupifupi theka, ndipo wobiriwira ndamusiya ndi mphamvu zokwanira kuti pamene pali mitengo ndi pamene palibe pazisiyana.

Julayi 7

Ndatsukitsa zochepa zoyesera pasitudiyo ina m'tauni, kukula kwa mainchesi 4 kwa 6, kutanthauza mapikiselo 1200 kwa 1800 pa 300 dpi, mu sRGB. Ndinapita nazo pa fulashi. Pa WhatsApp chithunzi chimapanikizidwa ndipo timadontho tija timasanduka mabala, pokhapokha utachitumiza ngati document.

Mnyamata wa pamakina atazitsegula anati, "Bwana, izitu zasuluka, ndikukonzereni?" Dzanja linali kale pa batani lokonza mitundu. Ndinamufotokozera kuti kusulukako n'kwadala, ndipo anazitulutsa momwe zinalili. Aliyense wochita ntchito ngati iyi anene zimenezi asanapereke fulashi, chifukwa makina ambiri otsukira amakonza okha mitundu.

Papepala zatuluka zakuda pang'ono kuposa pa sikirini, monga zimakhalira popeza sikirini imawala yokha pamene pepala limadalira kuwala kwa m'chipinda. Nkhope ndi zimene zakhudzidwa kwambiri, ndiye ndikweza pakati pa Curves pang'ono pa zonse za anthu. Pepala losanyezimira lagwirizana bwino ndi zakale kuposa lonyezimira. Chikasu cha pamakoma chapitirira pang'ono, ndibweza nsonga ya Blue m'mwamba.

Julayi 12

Mlongo wanga anapita nazo zoyeserazo ku Lilongwe, ndipo madzulo azakhali anaimba foni. Chithunzi cha ku nyumba ya malamulo anachiyang'ana nthawi yaitali, akuti, kenako anafunsa kuti, "Iwe mwanawe, chimenechi wachitenga kuti? Ine sindikuchikumbuka." Anazindikira kuti n'chatsopano ataona mtsikana wovala thalauzi akudutsa pakona. M'masiku awo zimenezo sizikanatheka, chifukwa lamulo la kavalidwe la 1973 linkaletsa akazi kuvala mathalauzi ndi masiketi aafupi, ndipo linachotsedwa mu 1993.

Ndinasangalala kuti mitundu yagwirizana mpaka kufika pamenepo, koma zandipatsanso maganizo. Ngati mwini alubamu anakayikira, mdzukulu amene adzatsegule bukuli zaka zikubwerazi sadzadziwa n'komwe. Ndipo chithunzi chikangolowa pa Facebook chimayenda chokha, wina n'kulembapo kuti ndi Zomba wa nthawi ya atsamunda. Kuno n'kumene kuli National Archives of Malawi, kumene anthu amasunga zithunzi zenizeni za mbiri ya dziko lino, ndipo sindikufuna kuti zanga zidzasokoneze wofufuza aliyense. Ndiye chatsopano chilichonse chikhala ndi malo ndi chaka chojambulira zolembedwa m'mphepete yoyera yapansi, mkati mwa chithunzi momwemo, osati patsamba pokha. Deti la mu EXIF, zolemba zimene kamera imasunga mkati mwa fayilo, ndikulisiya momwe lilili potulutsa JPEG. Makona ozungulira amene ndinkaganiza zowaika ndawasiya, kuti zakale zokha ndi zimene zikhale nawo.

Azakhali apemphanso zinthu ziwiri. Akufuna chithunzi cha nyumba imene ankakhala, ngati ikadalipo, ndi cha tchalitchi chimene ankapemphera. Nyumbayo andilongosolera njira yake kuchokera pa msika, ndipo ndikapita kukapempha eni ake a pano ndisanajambule. Zotsala ndi mask za chithunzi cha ana a ku Matawale, kukonza Blue pa zonse za makoma, ndi kupanga Curves ina ya zithunzi zoti zikhale pambali pa zakuda ndi zoyera, zomwe sindinaziyambe. Pa zimenezo ndiyamba ndi Mono Mixer, kupereka gawo lalikulu kwa Red kuti khungu lisade, kenako chikasu chochepa m'mbali mokha. Zoyesera zachiwiri ndikatsukitsa sabata yamawa, pa pepala losanyezimira.